Malume Ozeme ndi Mlendo wa m'Bokosi la Chitsulo

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa a Ozeme Verret m'kapepala ka parishi ka mwezi uno wa Oyera Onse, ati poti ife amene tinawadziwa tatsala ochepa. Ndavomera, koma ndawauziratu kuti ndilemba zonse, ngakhale zimene ena sakonda kumva. Ine ndine Noelie, mwana wa mlongo wawo. Anali malume anga, ndipo ndiwo anandiimira pa ubatizo.

A Ozeme anabadwa m'chaka cha 1915 kuno ku Pointe Odile, pa kamtunda kathu kopyapyalaka, nyanja yamchere kutsogolo, dambo kumbuyo. Bambo awo ankatchera makoswe a m'dambo n'kumagulitsa zikopa. Kusukulu malume anangopondako miyezi yochepa. Aphunzitsi anawagwaditsa pa njere za chimanga chifukwa cholankhula Chifalansa chathu, ndiye anatuluka osabwererakonso. Mapemphero onse anawaphunzira pakamwa pa amayi awo, ndipo mpaka imfa ankapemphera m'Chifalansa momwemo, ati Mulungu sanawagwaditsepo pa chimanga.

Ali mnyamata anayamba kusema. Ankasema mabwato a mkungudza, mabokosi a maliro, komanso abakha amtengo amene alenje amayandamitsa pamadzi kuti anyengerere abakha enieni. Abakha a malume ukanawadziwa ngakhale pakati pa chigulu, chifukwa onse anali ndi mutu wopendekera pang'ono kumanzere, ngati akumvetsera kanthu. Kuno kunalibe nyumba yopanda bakha wotere. Wofedwa akafika pakhomo pawo, malume ankasiya chilichonse chimene ali nacho m'manja, n'kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kutenga chingwe choyezera. Ankakonda kunena kuti bwato ndi bokosi amazipanga ndi mtima umodzi, poti zonse n'zonyamula munthu pa ulendo.

Anakwatira a Azema Theriot, mayi wamfupi, woseka kwambiri, woyenda modendekera uku ndi uku. Malume ankawatchula kuti Kabakha, iwo n'kumawathamangitsa ndi tsache. Anakhala zaka zambiri opanda mwana. Pathupi patabwera, mu 1951, msewu wopita kutauni unali utamira ndi mvula, dokotala sanafike, ndipo a Azema anamwalira pamodzi ndi khandalo. Malume anadzitsekera m'chisakasa chawo n'kupanga bokosi la mkungudza lopanda msomali ngakhale umodzi, lolumikiza ndi zikhomo zamtengo zokhazokha. Amayi anga atawafunsa chifukwa, anati, "Misomali inathera pa Mtanda, achemwali. Pa mkazi wanga sindikhomapo." Pachivundikiro analumikizapo ndi zikhomo zomwezo bakha wamtengo, kamwana kake kali kumsana. Poti kuno ukakumba pang'ono upeza madzi, anamanga chiliza cha njerwa pamwamba pa nthaka monga timachitira tonse, koma cha zipinda ziwiri, china cha a Azema, china chodikira iwo.

Kenako kunabwera namondwe wa 1957. Amene munalipo simufuna kukumbutsidwa, amene kunalibe simungamvetse. Nyanja inakwera m'mawa, n'kudutsa pamwamba pa mudzi wonse. Ine ndinali mtsikana wamkulu ndithu, ndipo ndinapulumukira mumtengo, njoka zili pa nthambi yoyandikana nayo. Madzi ataphwera tinapeza kuti sanangotenga amoyo okha. Ziliza zonse zinali zotsekuka, mabokosi atayandama n'kumwazikana m'dambo.

Amuna ena onse anapita kukafunafuna amene anamira kumene. Malume anathandizako, koma ntchito imeneyo itatha iwo sanapume. Anayamba kulowa m'mabango ndi bwato lawo kukatola akufa akale. Anthu ankati, "A Ozeme, amoyo tikugona panja, inu mukusaka omwe anagona kalekale?" Iwo ankangoti, "Nawonso akugona panja." Mabokosi ambiri ankawazindikira, poti anawapanga ndi manja awo. Ukamva mawu m'nkhungu ya m'mawa, munthu osamuona, udziwe ndi malume akubwera akukoka wina kumbuyo kwa bwato, akumulankhula: "Tiyeni kwathu, a Dupre, mwayenda mokwanira. Ana anu akukudikirani." Kunena zoona zinkatiimitsa tsitsi, koma aliyense ankathamangira kugombe kukaona ngati ndi wake.

Pofika nyengo yozizira, akufa athu onse anali atabwerera m'malo mwawo, kupatula a Azema. Malume analowa ngalande iliyonse, anakankha mabango mpaka manja kutuluka magazi, koma bokosi la bakha silinaoneke. M'malo mwake, tsiku lina kumalire a dambo, pa kamtunda komaliza pamene panali mzere wa mitengo ya thundu, anapeza bokosi lachilendo litakodwa m'mizu, mutu utaloza kumadzulo. Linali lachitsulo, lakalekale, ladzimbiri, lomatiridwa ndi tizigoba ta m'nyanja. Dzina panalibe. Chakumutu kunali kagalasi kozungulira, kukula kwake ngati kambale ka khofi. Kuno sitinaikepo munthu m'chitsulo, choncho aliyense anadziwa kuti si wathu.

Analitula kutsogolo kwa tchalitchi, chimene nthawi imeneyo chinali chopanda denga. Woyamba kulankhula anali mayi Clothilde, mkulu wawo wa a Azema.

"Alamu, ife tikudikira mng'ono wanga, inu mwatitolera chimphika ichi?"

"Ndi munthu, alamu."

"Munthu wa ndani?"

A Numa Miller, wapampando wa khonsolo ya tchalitchi, anakonza kukhosi. "Tisataye nthawi, funso ndi limodzi. Ndi mzungu kapena wakuda? Ngati ndi wakuda, kuseri kwa mpanda. Ngati si Mkatolika, ngakhale kuseriko ayi."

Achinyamata mudziwe kuti masiku amenewo manda athu anali ndi mpanda wa waya pakati, ife azungu kutsogolo, Akatolika anzathu akuda kuseri. Namondwe anauzula mpandawo n'kusakaniza onse m'dambo limodzi, koma amuna a mudzi uno anaumanganso denga la tchalitchi lisanakhomedwe. Ndimachitabe nazo manyazi.

Anthu anafola kusuzumira pa kagalasi kaja. Mayi Clothilde analumbira kuti aona nkhope yakuda. A Numa anati ayi, aona tsitsi lalitali la mayi wachizungu. Gogo wina anangosuzumira kamodzi n'kukomoka, ndipo atatsitsimuka anati maso ali otsegula. Inenso ndinasuzumira. Ndinangoona zotuwa ngati nkhungu, kenako zotuwazo zinasuntha. Mwina anali madzi olowa m'kati, sindikudziwa. Malume anapukuta galasilo ndi mkono wa malaya, n'kuwerama nthawi yaitali.

"Mwaona chiyani?" anafunsa a Numa.

"Munthu wotopa," anatero malume.

Wansembe wa nthawi imeneyo anali wachinyamata, wongofika kumene, ndipo khonsolo ankaiopa. Anati tidikire mawu a bishopu. Bokosilo linakhala padzuwa masiku angapo, agalu akuliyenda kutali, ana akuletsedwa kudutsa njira imeneyo. Lamulungu pambuyo pa Misa ena anati alimangirire miyala akalitaye kunyanja. Apo malume, munthu amene sankatsegula pakamwa pagulu, anavula chipewa.

"Azema wanga sanasungunuke," anatero. "Bokosi lija ndinapanga ndine, silimira. Lero lino lili pakhomo pa anthu ena, ndipo aima molizungulira monga taimira ife pano, akufunsana kuti ndi wa mtundu wanji. Ndikamutaya uyu, anthu amenewo ndiwapempha chiyani? Chipinda changa chija n'changa, ndinamanga ndekha. Agone mmenemo."

"Nanga inu mudzagona pati?" anafunsa amayi anga.

"Akadziwa ndi Mulungu."

Mayi Clothilde analira ndi ukali. "Ndiye mng'ono wanga akabwera adzapeze mwamugonekera chimunthu chosadziwika pambali? Mutu ukuyenda bwino, alamu? Mwakwatira dzimbiri basi!" Kuyambira tsiku limenelo anasintha benchi m'tchalitchi, ndipo akakumana nawo pamsewu ankayang'ana kumbali. Wansembe anawaza madzi odalitsidwa mofulumira, anthu ali ochepa, ndipo malume anatseka chipindacho ndi njerwa, osalembapo kanthu. Anthu anayamba kumutchula wa m'bokosiyo kuti Mlendo wa Ozeme.

Zaka zotsatira malume sanakwatirenso. Chaka chilichonse, tsiku la Oyera Onse likamayandikira, ankapaka njereza zipinda zonse ziwiri, chodzaza ndi chopanda kanthu, n'kuika maluwa ndi kandulo pa chilichonse mofanana. Tsiku lililonse popemphera korona ankaonjezera mbali ina yopempherera anthu amene ankawatchula kuti osunga Azema, anthu oti sanawaonepo, ndipo panalibe umboni woti aliko. Nyengo yotchera makoswe a m'dambo ikatha ankavala jekete lawo limodzi lija n'kukwera basi kukafunsa. Anafunsa m'maparishi onse a m'mbali mwa nyanja mpaka ku Texas, kwa ansembe, kwa osamalira manda, m'maofesi aboma. Kulikonse ankauzidwa kuti akufa a chaka chimenecho anali ambiri, ena anaikidwa m'dzenje limodzi, apite akapume. Ankabwerera, n'kupachika jekete, n'kukaimba belu la masana kutchalitchi ngati palibe chachitika.

Koma Mlendo sankakhazikika. Madzi akangokwera, ngakhale ochepa osagwedeza chiliza china chilichonse, m'mawa tinkapeza njerwa za chipinda chake zitagwera kunja, bokosi palibe. Chitsulo choti amuna ochuluka ankabuula pochinyamula chinkachoka chokha. Ndipo nthawi zonse malume ankakalipeza pamalo amodzimodzi, m'mizu ya thundu zija, mutu utaloza kumadzulo, kumene kulibe china koma mabango mpaka pothera maso. Ankalikoka kubwera nalo, n'kumanganso. Anayesa simenti, anayesa zitsulo, sizinathandize.

Panamveka mbiri yoti mphepo ikamayandikira, Mlendo amagogoda. Ine sindinakhulupirire mpaka tsiku lina la mwezi wa Ogasiti, ndili kale mayi wa ana atatu. Ndinawapititsira malume khofi kumanda, kumene ankadula udzu. Anali masana, dzuwa lili pamutu, kuli zii, ngakhale tsamba osagwedezeka. Ndikuthira khofi m'kapu ndinamva go, go, go, pang'onopang'ono, ngati munthu waulemu amene waima pakhomo ndipo sakufuna kudzutsa ana. Khofi anatayikira pamapazi panga. Malume sanatembenuke n'komwe. Anangoika dzanja pa njerwa n'kunena kuti, "Ndamva, achimwene. Pirirani." Kenako anandiuza kuti ndikamangirire bwato ndi kutsekera nkhuku. Mawa lake mvula yamkuntho inafika.

Anthu ndi anthu basi. Omwe aja ankaseka anayamba kutuma akazi awo kukatchera khutu pa chiliza asanapite kunyanja, ati wailesi imanama koma Mlendo sanama. Komabe kumukonda sanamukonde. Mlendo atatuluka ulendo wina, a Numa, ali okalamba, anasonkhanitsa amuna ndi zingwe, ati chinthu chosagona ndi cha Satana, chipite kunyanja yakuya. Anapeza malume atakhala pamwamba pa bokosilo, korona ili m'manja.

"Tsikanipo, a Ozeme, tisakunyamulireni limodzi."

"Nyamulani, sindilemera. Koma a Numa, munthu akamafuna kwawo ndi mlandu? Inuyo muli kunkhondo simunkagogoda?"

A Numa anatafuna fodya wawo, n'kulavula, n'kubwerera ndi zingwe zawo. Malume anakhalabe pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, udzudzu ukuwadya.

Mayi Clothilde atadwala matenda awo omaliza, anatuma mwana kukaitana malume. Ndinalipo, ndikuwapukuta thukuta. Zaka zoposa makumi awiri anali asanalankhulane.

"Alamu, mwamupeza?"

"Ayi, alamu. Koma akusungidwa."

"Mukudziwa bwanji inu?"

"Chifukwa nanenso ndikusunga. Sindingakhale ndekha wopusa padziko lonseli."

Mayi Clothilde anaseka mpaka kutsokomola, kenako anagwira dzanja la malume osalisiya. Bokosi lawo anapanga ndi malume omwewo.

Ukalamba unawapeza malume mudzi ukutha. Madzi amchere anali kudya dambo chaka ndi chaka, pamene tinkadyetsa ng'ombe tili ana panayamba kuyenda mabwato. Thundu za pa kamtunda komaliza zinauma chiimire, zotuwa, zopanda tsamba. Mabanja ankasamukira kumtunda limodzilimodzi. Malume maso anachita khungu pang'ono, koma njira ya kutchalitchi ndi ya kumanda miyendo inkaidziwa yokha.

Tsiku lina ndinawapeza m'chisakasa akutenthetsa phula. Pa benchi panali bokosi latsopano la mkungudza, ndipo ankatseka mipata yake ndi thonje n'kupakapo phula, mkati ndi kunja komwe.

"Malume, limeneli ndi bokosi kapena bwato?"

"Wayamba liti kusiyanitsa, mwana wa mlongo wanga?" Anaika burashi pansi. "Tamvera, Noelie. Azema sabweranso kuno, ndavomereza. Chipinda chake mudzagonekemo ine. Koma udzagumule khoma la pakati, ndipo bokosi langa udzalimangirire ku la Mlendo ndi tcheni ichi." Pansi pa benchi panali tcheni chatsopano ndi loko.

"Kuti asathawenso?"

"Ayi. Kuti akanyamuka ndipite naye. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumubweza ngati ng'ombe yothawa m'khola, osamufunsako komwe amapita. Mwina ndamuchimwira. Ulendo uno ndikaone ndekha."

Ndinawakalipira kuti zimenezo si zachikhristu, kuti ndidzapita kuti ndi maluwa anga. Iwo anangondipatsa kiyi wa lokoyo, n'kunditseka chikhatho ndi manja awo onunkha phula.

Anamwalira mu Novembala 2003, patangopita tsiku la Oyera Onse. Njereza ya chaka chimenecho anapaka okha, atakhala pa mpando. Bambo mfumu amene tili nawowa anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia, ndipo madzulo ake malume anapempha kuti tiwatulutsire pakhonde. Tinayamba korona. Atafika pa mbali yawo ija anati, "Tsopano tipempherere osunga Azema," ndipo Tikuoneni Maria woyamba tinayamba nawo, wachiwiri tinamaliza tokha. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamaliza ntchito n'kusamba m'manja. Tinachita zonse monga ananenera. Bambo mfumu anayang'ana tcheni chija, anayang'ana ine, kenako anachiwaza madzi odalitsidwa osafunsa kanthu. Loko ndinatseka ndekha, kiyi n'kuika m'chikwama changa cha kutchalitchi.

Patapita zaka ziwiri kunabwera namondwe wa 2005. Ulendo uno tinachenjezedwa, tinathawira kumtunda tonse, ndipo sanafe munthu. Koma titabwerera, Pointe Odile kunalibe. Pamene panali nyumba yanga ndinapeza masitepe okha. Manda anali otsekuka ngati kale, ndipo chiliza cha zipinda ziwiri chinali chopanda kanthu. Ana anga anandikweza m'bwato kupita pa kamtunda komaliza, ndili ndi chikhulupiriro choti tiwapeza m'mizu monga mwa nthawi zonse. Thundu zouma zija zinali zitagwa zonse n'kukokoloka. Panalibenso chowaimitsa. Ndinakhala m'bwatomo ndikulira, ndikuwadzudzula malume mumtima kuti ataya mafupa awo chifukwa cha munthu wosamudziwa.

Patapita milungu ingapo bambo mfumu analandira foni. Inachokera ku mpingo waung'ono wa Baptist wa anthu akuda, kumudzi wotchedwa Kanani, kutsidya kwa dambo chakumadzulo. Anati kwa iwo kwafika mabokosi awiri omangiriridwa pamodzi, lina lachitsulo, lina lopaka phula, ndipo amva kuti kwathu kunali mkulu wina wopanga zotere. Ine ndakalambira kuno, koma ku Kanani ndinali ndisanapondeko. Pamsewu ndi ulendo wozungulira, koma mbalame ingafikeko khofi asanazizire.

Anatilandira mayi Luvenia Semien, mkulu wa amayi a mumpingomo, amsinkhu wanga, ovala chipewa choyera. Anatitsogolera kumanda awo, kumene matope anali asanaume.

"Madzi anadutsa manda onsewa, amayi," anatero. "Malo owatula analipo ambiri. Koma taonani pamene anasankha."

Mabokosi awiriwo anali atagona bwinobwino moyandikana, pambali pa manda ena a kumapeto. Mandawo anali osamalidwa, ozunguliridwa ndi zigoba zoyera, pamwamba pali makapu ndi mbale zosweka monga amachitira anzathuwa. Chakumutu, m'kabokosi kagalasi komangirira ku chitsulo, munali bakha wamtengo. Utoto unali utatha, koma kamwana kanali kumsana, ndipo mutu unali wopendekera kumanzere.

Ndinagwada pafupi ndi bakhayo. Mayi Luvenia anandigwira paphewa.

"Mukumudziwa?"

Ndinasisita galasi la kabokosiko, iwo n'kupitiriza. "Ameneyu ndi Mlendo wathu. Anabwera ndi madzi a 1957, ine ndili mtsikana. Bambo anga anali dikoni. Atayang'ana bokosilo anati mulibe msomali ngakhale umodzi, munthu uyu anali wokondedwa, kwinakwake wina akumulira. Tinakanena kuboma, koma mawu a anthu ngati ife masiku amenewo ankathera pakhomo. Ndiye tinamuika pakati pa athu. Bakhayu tinamuchotsa kuti akhale pamwamba, mwina tsiku lina adzadutsa womuzindikira."

"Simunatsegule kuti muone ngati..." Ndinayamba kufunsa, koma iwo anandidula.

"Ngati ndi mzungu? Amayi inu! Wabwera pamadzi ngati Mose, ufunsanso chiyani?"

Malume anayenda mpaka ku Texas, anagogoda pakhomo pa wansembe aliyense wachizungu. Ife tonse tinkawaperekeza kokwerera basi, tinkawauza maina a maparishi oti akayesenso, ndipo palibe mmodzi mwa ife, ngakhale iwo amene, munthu wabwino chotero, amene anaganiza zokafunsa ku tchalitchi cha anthu akuda kutsidya kwa dambo lathu lomwe. Mpanda uja sunali kumanda kokha. Ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa womupsera.

Ndinawafotokozera zonse, za a Azema ndi khanda, za chipinda chimene malume anapereka, za korona ya tsiku ndi tsiku ya osunga Azema. Mayi Luvenia anavula magalasi n'kupukuta maso.

"Achemwali," anatero, "chaka chilichonse tikamayeretsa manda ano, timaima apa n'kupempherera amene akumufuna uyu, ndi amene akusunga athu omwe madzi anatenga. Bambo anga ndiwo anayambitsa. Ndiye kuti zaka zonsezi timapemphererana osadziwana."

Ndinafunsa ngati wa m'chitsulo anali wawo. Anati akufa a kwawo anapita ambiri ndi madzi a 1957, ndipo agogo awo ankanena za mphunzitsi wina wakalekale amene mpingo unasonkherana kumuika m'bokosi lachitsulo, koma amene akanamuzindikira onse ali pansi. "Zilibe kanthu," anatero. "Wafika yekha mpaka pakhomo, watibweretseranso mkamwini. Ndi wathu."

Tinagwirizana kuti onse atatu agone pomwepo, malume pakati. Tsiku loika, bambo mfumu ndi abusa a ku Kanani anaima pamodzi, ndipo nyimbo zinali zawo ndi zathu. Itafika nthawi yolekanitsa mabokosi ndinatulutsa kiyi m'chikwama n'kuwerama. Loko anali wotsekuka kale, tcheni chitangokolekedwa pa chogwirira. Mayi Luvenia analumbira kuti palibe wa kwawo anakhudzapo, ndipo ndimawakhulupirira. Ndisanadzuke ndinasuzumira pa kagalasi kaja. Munali mdima wabata, palibe chinasuntha.

Tsopano pa Oyera Onse timakwera galimoto ndi ndowa za njereza kupita ku Kanani, ndipo iwo amabwera kudzatithandiza kuyeretsa manda athu, amene mpanda wake sitinaumangenso. Abale anga m'parishi, malume sanali munthu wophunzira kapena wolalika. Anangosunga wa eni ake monga ankafunira kuti wawo asungidwe, osaona umboni, mpaka kufa. Ndapempha khonsolo kuti chiliza chawo cha zipinda ziwiri chikonzedwe, chipakidwe njereza, ndipo chisiyidwe chopanda dzina. Ena ayamba kale kufunsa kuti n'cha ndani. Madzi adzabweranso, ndipo adzatibweretsera wina.